Mwagula makina owotcherera akale? Yambirani ku pulagi, bolodi ibwere pambuyo

Makina owotcherera zitsulo amene adutsa kale m'manja mwa anthu ena amabwera ndi mbiri imene wogulitsa sakuuzani yonse. Amangoti "amagwira bwinobwino, angokhalitsa osayatsidwa", inu n'kunyamula. Kufika nawo pamalo antchito, rodi ikungomatirira pachitsulo, kapena mukangodina switchi magetsi a nyumba yonse athima. Apa ambiri amathamangira sikurudiraiva, kutsegula chivundikiro n'kuloza bolodi, kathabwa kamkati kokhala ndi tizipangizo tamagetsi, kuti ndi imene yapsa. Ine ndimati dikirani kaye. Makina ambiri akale amadwalira panja: pulagi, nthambo, kilampu, nati yomasuka. Tsono tiyenda kuchokera kunja kulowa mkati, kuyambira chosavuta kukafika chovuta.

Zida zake si zambiri. Mufunika malitimita yotha kuyeza mavolti a AC ndi DC, maomu komanso madayodi (tizipangizo todutsitsa magetsi mbali imodzi yokha), masipanala ang'onoang'ono, masikurudiraiva a zigwiriro zapulasitiki, sandipepa, burashi yofewa, rezisita ya maomu pafupifupi 4,700 ya mawati 10, ndi babu la mawati 100 lachikale lija la kawaya mkati. Babu la LED silithandiza pa ntchito imeneyi, ndifotokoza chifukwa chake tikafika.

Choyamba: dziwani mtundu wa makina anu

Anyamuleni. Ngati akufuna anthu awiri, kapena ali pa matayala ndipo kutsogolo kuli chigwiriro chopukusa, amenewo ndi a thiransifoma. Mkati mwawo muli chitsulo chachikulu chokulungidwa waya, ndipo amagwira ntchito pa liwiro la magetsi a m'nyumba, 50 kapena 60 Hz. Ngati mukuwanyamula ndi dzanja limodzi ngati chikwama, ndi invata. Invata imayamba yasandutsa magetsi kukhala DC, kenako matiranzisita otchedwa IGBT kapena MOSFET amawaduladula maulendo oposa 20,000 pa sekondi, n'chifukwa chake kathiransifoma kake kamachepa chonchija. A thiransifoma safa msanga koma amadya magetsi. Invata imawotcherera mosalala koma siikhululuka fumbi, chinyezi ndi magetsi olumphalumpha.

Kenako pukutani kachitsulo kapena kapepala kolembapo manambala, kumbuyo kapena pansi pa makinawo, ndipo mukajambule ndi foni. Pali zilembo zinayi zofunika. U1 ndi mavolti olowa, kaya 230 kapena 400 a mafezi atatu. I1max ndi maampu amene makinawo angakoke kukhoma akamagwira mwamphamvu. U0 ndi mavolti otuluka pamene simukuwotcherera, ndipo nambala imeneyi tidzaifuna posachedwa. X ndi gawo la mphindi 10 limene makinawo angagwire osapuma. Pakalembedwa 60% pa 160A ndiye kuti mphindi 6 kuwotcherera, mphindi 4 kupumula fani ikuzungulira. Makina ang'onoang'ono ambiri amakhala ndi 20% kapena 30% pa mphamvu yawo yonse, ndipo anthu amawanamizira kuti ndi owonongeka pamene akungochita zimene anapangidwira.

Chachiwiri: osayatsa kaye, yang'anani ndi kununkhiza

Ikani mphuno pa mabowo a fani. Fungo la fumbi ndi mafuta silodetsa nkhawa. Fungo lowawa la vanishi wopserera ndi nkhani ina, limanena kuti china chake chinatentha mopitirira. Gwedezani makinawo pang'ono, mukamva kanthu kakugubuduka mkati musayatse mpaka mutakapeza.

Tsegulani pulagi. Pa makina akale pulagi imakhala itasinthidwa kangapo, ndipo kawirikawiri mupeza waya wa ethi utadulidwa kapena ukungolendewera. Onani ngati mano ake ada kapena pulasitiki yasungunuka mozungulira. Tsatani nthambo yonse ndi zala, kufunafuna pomwe yang'ambika kapena pomwe munthu analumikiza n'kukulunga tepi. Kenako ikani mita pa maomu ndipo muyeze zinthu zitatu. Kuchokera pa dzino la ethi kufika pa chitsulo cha bokosi la makinawo, pamalo opanda penti, mita iwerenge pansi pa omu imodzi. Kuchokera pa dzino la moto kufika pa bokosi, switchi ya makinawo ili yoyatsa koma pulagi ili m'manja mwanu, mita isawerenge kanthu. Chimodzimodzi kuchokera pa dzino la moto kufika potulukira nthambo zowotcherera. Pakapezeka njira pakati pa magetsi olowa ndi bokosi kapena ndi holda yogwirira rodi, makinawo angathe kupha munthu, ndipo asalowe m'soketi mpaka vutolo litapezeka. Mita wamba imangogwira vuto loonekeratu. Amene ali ndi mega, mita yofufuza ngati magetsi akudontha, yoyesa pa mavolti 500, ayeze nayo thiransifoma, ndipo ayembekezere maomu mamiliyoni angapo. Pa invata musaike mega mabolodi ali olumikizidwa, muwononga zimene zinali zabwino.

Chachitatu: nthambo zowotcherera, holda ndi kilampu

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi pomwe pamabisala matenda ambiri. Powotcherera ndi rodi pa maampu 100, pakati pa rodi ndi chitsulo pamangofunika mavolti pafupifupi 24. Ndi ochepa. Malo amodzi olumikizira akachita dzimbiri n'kudya mavolti atatu kapena anayi, moto wa pa rodi umafooka, rodi imamatirira, ndipo mphamvu yotayikayo imasanduka kutentha pamalopo.

Tsiku lina munthu anandibweretsera invata imene anali atauzidwa kale kuti bolodi yake yatha. Nditakoka mphira wophimba pomwe nthambo imalowa m'kilampu ya ethi, ndinapeza tiwaya tamkuwa tambiri titaduka, totsala tikuoneka tobiriwira ngati ndere, ndipo bawuti yake imazungulira ndi chala chabe. Kunja nthamboyo inkaoneka yonenepa bwino. Ndinadula kachidutswa kotalika ngati chala, kusenda mpaka mkuwa wowala, kumanganso, basi makinawo anayaka ngati atsopano. Chivundikiro sindinachikhudze n'komwe.

Chitani chimodzimodzi kumapeto onse anayi a nthambo ziwirizo. Pindani nthambo pafupi ndi holda: ikamapindika mosavuta pamalo amodzi ngati khosi la nkhuku yakufa, tiwaya taduka mkati. Palani mano a kilampu ndi a holda mpaka awale. Zolumikizira zopotokola zija za kutsogolo kwa makina, zotchedwa Dinse, zimayenera kugwira zolimba mukazipotokola. Zikamagwedera zimatulutsa moto mkati, n'kudya mkuwa wake, mpaka kusungunula pulasitiki yozungulira. Zilipo za misinkhu iwiri yofala, 10-25 ndi 35-50, ndiye potenga zatsopano nyamulani yakaleyo.

Onaninso kuti nthamboyo ndi yamkuwa weniweni. Palani kawaya kamodzi ndi mpeni: kakayera mkati, ndi aluminiyamu wongokutidwa mkuwa, amene amatentha msanga ndi kuthyoka polumikizira. Pa makina a maampu 150 nthambo yamkuwa ya 16 mm² imakwanira ngati ili yaifupi, pa maampu 200 tengani ya 25 mm². Ndipo ekisitenshoni yobweretsa magetsi kuchokera kukhoma isachepere 2.5 mm², muitambasule yonse, osaisiya yokulungidwa pa gudumu lake.

Chachinayi: kuyatsa koyamba

Makina osadziwika mbiri yawo ndimawayatsa kudzera m'babu. Mumatenga kachingwe ka ekisitenshoni, kudula waya wa moto wokha, n'kulumikiza babu lija pakati pake, kuti magetsi onse opita kumakina adutse kaye m'babumo. Mkati mwa makina mukakhala shoti, babu limangowala kwambiri ndipo palibe chimene chimaphulika. Babu la LED silingachite zimenezi chifukwa mkati mwake muli timabolodi take, silidutsitsa magetsi ngati kawaya kotentha kaja.

Pa invata yabwino babu limathwanima kamphindi pamene makapasita, zosungira magetsi za mkati mwake, akudzaza, kenako limazilala n'kutsala ndi kuwala kofiirira, fani iyamba, ndipo pakatha sekondi imodzi kapena ziwiri mumva kakuti "tche" ka rilei, kaswitchi kodzidina kokha ndi magetsi. Likawala osazilala, zimitsani, mkati muli shoti. Invata zina zamakono zimakana kudzuka bwino pa babu laling'ono, zimangoyaka n'kuzima, ndiye yesani la mawati 200. Makina a thiransifoma amakoka maampu angapo ngakhale asakugwira ntchito, choncho babu limawala ndithu ngakhale ali abwino. Kwa amenewa ikani chinthu cha mawati 1,000 kapena 2,000, monga hita, m'malo mwa babu. Musayese kuwotcherera babu lili pamzere.

Zikayenda bwino, chotsani babu, lowetsani pulagi kukhoma, ndipo muyeze mavolti potulukira nthambo. Mita ikhale pa AC ngati ndi thiransifoma wamba, pa DC ngati ndi invata kapena thiransifoma yokhala ndi madayodi. Muyembekezere nambala yoyandikira U0 ija munajambula, nthawi zambiri pakati pa 50 ndi 90. Mukaona mavolti ochepa kwambiri, monga 15 kapena 20, musafulumire kulira: yang'anani ngati pali nyali yolembedwa VRD. Imeneyi ndi njira yotetezera munthu, imatsitsa mavolti mpaka rodi itakhudza chitsulo. Chenjezo limodzi: ngati makina anu amawotchereranso m'njira ya TIG, yogwiritsa ntchito gasi, ndipo ali ndi choyatsira moto cha HF, chizimitseni musanaike mita, chifukwa chimatulutsa mavolti zikwizikwi ndipo mita imafera pomwepo.

Mavolti akakhalapo, yesani ndi rodi youma ya E6013 pa chitsulo chopalidwa bwino. Ya 2.5 mm imafuna maampu 60 mpaka 90, ya 3.2 mm imafuna 90 mpaka 130. Rodi yachinyezi imamatirira ndi kulavula ngakhale pa makina atsopano, ndipo E6010 imakana pa AC ndi pa invata zing'onozing'ono zambiri, ndiye musaweruze makina ndi marodi amenewo. Wotchererani kwa mphindi imodzi, zimitsani, kenako yendetsani kumbuyo kwa dzanja pa pulagi, nthambo ndi polumikizira ponse. Pamene patentha kuposa anzake, vuto lili pamenepo.

Breaker, switchi ya m'nyumba ija yozima yokha maampu akachuluka, ikamagwa nthawi yomwe mwadina switchi koma pa babu makinawo anaoneka abwino, mwina ndi mtundu wa breaker. Ya mtundu B imagwa msanga ndi kukoka kwadzidzidzi kwa poyambira, ya mtundu C imapirira. Koma kuika ya maampu ochuluka kuposa mawaya a m'khoma ndi kuitana moto m'nyumba.

Chachisanu: mkati mwa makina a thiransifoma

Zulani pulagi, ndipo muiike pomwe mukuiona. Tsegulani, uzirani fumbi ndi mpweya wouma. Muno mulibe zambiri. Yambani ndi switchi, chifukwa ndi imene imapsa kawirikawiri: iyezeni ndi mita mbali zonse ziwiri. Ngati makinawo ali ndi posankhira 230 kapena 400, tsimikizani kuti pali pa mavolti anu. Makina oikidwa pa 400 akapatsidwa 230 amangong'ung'udza mofooka.

Mukatero onani pamene waya wokhuthala wa thiransifoma umamangidwa ku mabawuti otulukira. Makina ambiri otchipa anakulungidwa ndi aluminiyamu, ndipo pomwe aluminiyamu wakumana ndi mkuwa pamamera ufa woyera umene sudutsitsa magetsi. Masulani, palani, pakani girizi wa zamagetsi pang'ono, mangani zolimba.

Chigwiriro chopukusa chija chimakankha kachitsulo kolowa ndi kutuluka pakati pa makoyilo awiri a waya wokulungidwa uja. Kakalowa mkati maampu amatsika, kakatuluka amakwera. Kakamasuka m'njira yake makina amalira mokweza ngati akufuna kusweka, ndipo maampu amasintha okha muli mkati mowotcherera. Limbitsani timabawuti kapena timapulasitiki togwira kachitsuloko, pakani girizi pa ulusi wa chopukusira. Pakoyilo pamakhalanso kaswitchi kozimitsa makina akatentha. Makina ali ozizira kayenera kudutsitsa magetsi. Kakafa kasintheni, osakadumphitsa ndi waya monga amachitira ena.

Koyilo yeniyeniyo ikapsa, zizindikiro zake sizibisika: vanishi wakuda wosweka, makina kutentha pasanathe mphindi zochepa asakugwira ntchito, kulira kolemera, ndi mavolti otuluka otsika. Mita wamba siitha kuona mizere iwiri yogundana mkati mwa koyilo, chifukwa koyilo yabwino yomwe imawerenga pafupi ndi ziro. Mankhwala ake ndi kukulunganso waya, ntchito ya amene amakulunga mamota, ndipo pa makina ang'ono a aluminiyamu nthawi zambiri siipindula.

Chachisanu ndi chimodzi: mkati mwa invata

Muno ndi momwe muli ngozi yeniyeni. Mavolti 230 akasandutsidwa DC amakwera kufika pafupifupi 325, ndipo pa makina a mafezi atatu amapitirira 560. Makapasita akuluakulu ooneka ngati zitini aja amasunga mphamvu imeneyi ngakhale pulagi itazulidwa. Zulani, dikirani mphindi zisanu, tsegulani osakhudza bolodi, yezani mavolti pa miyendo ya kapasita ndi dzanja limodzi, linalo lili kumbuyo. Mukapeza akadalipo, gwirizitsani rezisita ija pa miyendoyo pogwiritsa ntchito mawaya okutidwa bwino, kwa theka la mphindi, ndipo muyezenso mpaka atsike pansi pa 10. Pa makina a mafezi atatu lumikizani marezisita awiri motsatizana. Kugunditsa miyendo ndi sikurudiraiva kumaphulika ngati mfuti, kumadya bolodi ndipo kungakulaseni m'maso. Ngati ntchito ya mabolodi simunaigwirepo, apa ndi pabwino kuimira n'kupereka kwa wodziwa, mutamuuza zonse mwapeza kale.

Chotsani fumbi. Fumbi la gilayinda ndi chitsulo chopera, fani imalikokera mkati, limakhala pakati pa miyendo ya matiranzisita, tsiku lachinyezi n'kulumikiza zosayenera kulumikizana. Invata zambiri zimafa imfa imeneyi. Burashi yofewa ndi mpweya zikwanira. Gwirani fani ndi chala pouzira kuti isazungulire mopenga.

Tsopano yang'anani ndi maso pamalo owala: kapasita yotupa pamwamba, rezisita yakuda, IGBT yong'ambika, njira ya mkuwa yoduka pabolodi, solda yosweka mozungulira miyendo ya zinthu zolemera. Makina ogwetsedwagwetsedwa amasweka solda pa miyendo ya thiransifoma ndi ya rilei, ndipo kungoisungunulanso kumawadzutsa.

Ikani mita poyezera madayodi. Rekitifaya ya miyendo inayi ya kumene magetsi amalowera ili ndi madayodi anayi, iliyonse iwerenge pakati pa 0.4 ndi 0.6 mbali imodzi, mbali inayo isawerenge. Madayodi otulutsa moto mungawayeze ngakhale musanatsegule: waya wofiira wa mita pa potulukira pa minasi, wakuda pa pulasi, muone pakati pa 0.2 ndi 0.4. Mita ikalira mbali zonse ziwiri n'kuonetsa ziro, dayodi imodzi yagundana, ndipo zizindikiro zake ndi makina oyaka, fani kuzungulira, nyali yachikasu kuyaka, koma moto osatuluka. Pa IGBT, mukaiyang'ana kumene kuli zolemba, miyendo imakhala geti, kolekita, emita. Pakati pa kolekita ndi emita pawerenge ngati dayodi mbali imodzi yokha. Ziro mbali zonse ndiye kuti yafa.

Makina ongoti zii, opanda nyali kapena fani, ndipo pa makapasita palibe mavolti, kawirikawiri ndi rezisita yoyambitsira ya pafupi ndi rilei imene yaduka. Koma dzifunseni chimene chaidula, chifukwa nthawi zambiri imafa poteteza shoti ya kutsogolo. Mavolti 325 akakhalapo koma makina ali chete, vuto lili pa kagawo kakang'ono kopanga mavolti 15 kapena 24 odyetsa fani ndi bolodi yolamulira. Maampu akamalumphalumpha mukakhudza kopotokola kosinthira maampu, sinthani kopotokolako ndi kena ka nambala yomweyo.

Chomaliza: kusintha IGBT osaziwotchanso

Cholakwa chofala ndi kuchotsa IGBT imodzi yophulikayo, kuika yatsopano, kuyatsa, n'kumva "phwaa" kachiwiri. IGBT ikamafa imaponyera mavolti aakulu kugeti, n'kuwononga tizinthu toiyendetsa. Choncho mutazichotsa zonse pabolodi, yezani marezisita ang'onoang'ono a pa geti iliyonse, amene amakhala a maomu ochepa, pamodzi ndi madayodi wamba ndi a mtundu wa zena oyandikana nawo. Njira yosavuta ndi kuyerekeza: mbali iliyonse iwerenge ngati inzake. Yezaninso madayodi otulutsa moto, chifukwa mwina ndi amene anayambitsa zonsezi.

Sinthani IGBT zonse nthawi imodzi, za nambala imodzi, zochokera pamalo amodzi. Zabodza zilipo zambiri, zopalidwa pamwamba n'kulembedwanso nambala yaikulu, ndipo zimagwira pa maampu 60 koma n'kuphulika mukangokweza. Zikakhala kuti zolemba zake zikufufutika ndi chala kapena miyendo ikuoneka kuti inasodedwapo kale, zisiyeni. Pukutani phala lakale loyera la kumbuyo kwake, pakani latsopano mopyapyala, ndipo ngati panali kapepala kotchinga pakati pa IGBT ndi chitsulo choziziritsira, kabwerere pomwepo kosang'ambika. Mangani kaye bawuti, kusoda miyendo kubwere pambuyo, kuti miyendoyo isakhale yokokeka.

Yatsaninso kudzera m'babu, ndipo muyeze mavolti otuluka. Akakwana, zulani, tsitsani mavolti a m'makapasita ndi rezisita ija, bwezerani chivundikiro ndi waya wake wa ethi, chifukwa popanda chivundikiro mphepo ya fani siidutsa m'zitsulo zoziziritsira. Yambani ndi rodi ya 2.5 mm pa maampu 60, mizere iwiri itatu yaifupi, kenako imani mumve mphepo yotuluka kumbuyo ngati ili yofunda chabe. Kwezani kufika 90, kenako 120 ndi rodi ya 3.2 mm, mukupumira pakati. Tsiku loyambali muwayesere pa magetsi akukhoma, jenereta ibwere makinawo atatha kale marodi khumi osadandaula. Mukamaliza, asiyeni oyaka mphindi ziwiri kapena zitatu kuti fani itulutse kutentha, ndipo powasunga muwaike kutali ndi kumene gilayinda imalavulira.